Sutikesi Yatsogola ku Ndirande

Lachiwiri, 7 Epulo 2015

Kope latsopano. Lakale lija ladzaza ndi mayina a mafupa ndi madandaulo. Ndiye monga mwa nthawi zonse, tsamba loyamba: mwini wake ndi Rejoice wa ku Ndirande Malabada, panopa ku Durban, chaka chachiwiri cha zojambula ma X-ray. Wolitola abweze. Wowerenga maso amutupe.

Holide ya Pasaka yatha. Kalasi eyiti koloko, ine ndalowa itapita. Matekisi akunowa. Chaka ndi miyezi itatu koma ndikafuna kutsika mtima umagundabe, chifukwa ukangotsegula pakamwa galimoto yonse yadziwa kuti si iwe wakuno.

Mapurakitiko kuchipatala ayamba pa 20. Lekichala wanena kawiri: wojomba masiku atatu abwereza chaka. Ine kubwereza kulibe. Masisitere amene akundiphunzitsa ananena pachiyambi pomwe, mwayi ndi umodzi, kumbuyo kwanga kuli atsikana ena pamzere.

Kunyumba bwinobwino. Anti Zubeda aphika mpunga ndi nyemba, tsabola wambiri. A Abbas, amuna awo, tsiku lonse pa makina osokera. Anthu awa anali aneba athu ku Malabada ine ndikuvala kabudula wamkati yekha, pano akundisunga ngati wawo, zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya Mama Zondi. Ine ndimagona momwe muli makinamo. Fungo la nsalu zatsopano mpaka m'tsitsi.

Nkhani ndi ya ku Isipingo, akuti akuthamangitsa alendo. A Abbas akuti ndi za kumeneko izo, kuno theka la msewu limavala mathalauza opinda iwo, angawatani.

Amayi aimba. "Mwananga, wailesi ikunena zinthu." Ndawauza kuti kuli kutali ngati Ndirande ndi Zomba.

Bodza. Ngati Ndirande ndi Limbe.

Lachinayi, 9 Epulo

Tesiti ija tinalemba holide isanayambe ndapeza 68. Ndimayembekeza zoposa pamenepo koma basi, yadutsa.

Thandeka, mnzanga wa m'kalasi, Mzulu weniweni, wandikokera pambali pa buleki. Malamulo ake atatu. Jinzi tsiku lililonse, masiketi aatali a kutchalitchi aja ndisiye. Mu tekisi pakamwa potseka. Foni ikalira pagulu osayankha. Amanena akuyang'ana pansi ngati ndi iye walakwa. Ndamuseka kuti iwenso wasanduka sisitere wanga. Sanaseke kwenikweni.

Ndiye madzulo, mu tekisi yodzaza, foni. Amayi. Yalira, yalira, yalira. Bambo wina pambali panga akundiyang'ana, ine maso pawindo ngati foni si yanga. Yasiya. Yayambanso. Kukana foni ya mayi ako, aaa. Ndafika kunyumba thukuta ku msana konse.

Ndawaimbira ndili m'chipinda. Ndati ndinali m'kalasi. Bodza lachiwiri sabata imodzi, ndipo ndangolapa kumene pa Pasaka.

Nsapato zoyera za yunifolomu sindinagulebe. Tsitsi nalo likufunika kumasula.

Anti akuti mzimayi wa tomato pakona, wa ku Mozambique uja, sanabwere masiku awiri. Tebulo lake lilipo.

Loweruka, 11 Epulo

Malemba aipa. Ndilembebe.

Ndapanga chinthu chopusa. Chopusa kwambiri.

Cha m'ma folo ndimachapa kuseri. Anti ali m'nyumba kuswali, a Abbas apita kukagula ulusi. Ndangomva phokoso kumtunda. Malikhweru, anthu kukuwa, mapazi. Ndiye kwathu ku Ndirande phokoso lotero likamveka umasiya ndi ndiwo pamoto, wakuba wagwidwa, kapena akazi awiri akulimbirana mwamuna, ukachedwa ukamva za m'maluwa. Sindinaganize. Miyendo inangopita yokha.

Thovu m'manja. Patapata. Ndi chitenje chija amayi anandipatsa, cha zaka 50 za ufulu, mbendera yathu ili pamatako pomwe, MALAWI malemba aakulu ngati chikwangwani.

Ndafika pakona ndapeza si wakuba. Anyamata, ochuluka, zibonga, zikwanje, akuswa shopu ya Msomali uja wa buledi. Ena akutuluka ndi mafiliji a zakumwa. Si a msewu uno, sindinazindikire ngakhale mmodzi. Ndipo ine ndi uchitsiru wanga ndaimanso, khosi kutalikitsa kuti ndione bwino.

Mmodzi wa chipewa chofiira watembenuka. Wayang'ana ine, wayang'ana chitenje. Wamwetulira. Wagunda mnzake pa phewa.

Ndathawa. Koma kuthawa kwake. M'malo mozungulira, ine molunjika, geti lathu, kho. Anaona. Ndikudziwa anaona.

Anti atuluka, "Iwe wathamanga chiyani?" Ndati galu.

Chitenje ndachikulunga mu pulasitiki, pansi pa matilesi. Zovala zikadali m'beseni.

Thandeka anandiuza za siketi, za foni, za pakamwa. Zoti osathamangira phokoso sananene. Angaganize bwanji kuti alipo munthu wotero.

Lamulungu, 12 Epulo

Ku Misa sindinapite. Kolona m'chipinda, ndipo ndasokoneza kawiri.

Palibe chachitika. Msewu uli zii. Mama Zondi aika loko wamkulu pageti, atiuza kuti tisayanike zovala kutsogolo. A Abbas akadali pa zawo zija, akuti mvula ya mabingu sichedwa kukata. Akumaliza madiresi a ukwati wa mwana wa neba, asanu ndi limodzi, obiriwira.

Mwina wa chipewa uja anali ataledzera. Mwina mageti onse amafanana. Mwina.

Ndayesa kuwauza anti pophika. Ndatsegula pakamwa, chatuluka ndi choti mchere wachepa.

Achimwene a Laurenti atumiza meseji kuchokera ku Malabada. Akuti madzi sanatuluke masiku anayi, amayi akukatunga kwa a Januario, ndiye iwe uli ku Joni ukusamba shawa usatinyoze. Ndaseka, kenako ndalira. Kusamba shawa.



Lachiwiri, 14 Epulo

Ndikulemba ndili pansi, m'chipinda cha Thandeka ku hositelo. Saloledwa kusunga munthu. Akundisunga.

Anyamata aja anabwera kwathu dzulo masana ine ndili m'kalasi.

Geti anathyola. Mama Zondi anawalowetsa anti kuchipinda kwawo, pansi pa bedi, iwo nkuima pakhomo. A Abbas anakana kusiya makina. Anawamenya pomwepo. Makina atenga, madiresi aja atenga, mafoni onse awiri, ngakhale ketulo. Apolisi anafika zitatha, nkuwatengera kuchipatala, kenako ku kampu. Kampu yake ndi bwalo la mpira, matenti oyera, anthu ngati nyerere. Amalawi, a ku Mozambique, a ku Congo.

Ndapitako mmawa ndi Thandeka. Mzere wa buledi, mzere wa kuchimbudzi, ana kulira. Chinyanja paliponse, Chiyawo paliponse, ngati mumsika wa Ndirande koma wopanda woseka.

A Abbas dzanja lamanja lili mu chikhakha. La sizasi. Diso limodzi lotseka. Atandiona akuti, "Mwanangu, bola iwe unali kusukulu."

Kenako akuti, "Koma anabwera molunjika. Nyumba zonse zija anadumpha, ngati wina anawalozera."

Anti akuti ndi Mama Zondi. Akuti kutibisa kunali kuphimba m'maso, ankafuna zipinda zawo. Anena zambiri, zina zoti sindingalembe.

Ine ndinawasiya anene.

Pobwerera mtauni munali chipwirikiti, mashopu kutseka zitseko, utsi wokhetsa misozi. Thandeka wandigwira dzanja mwamphamvu mpaka zikhadabo zake zandisiyira zizindikiro. Akuti ukangoyerekeza kukaona. Sakudziwa kanthu, wangonena.

Lachinayi, 16 Epulo

Amayi adziwa zonse. Anaona pa TV kwa aneba, ndiye mchemwali wawo wa anti Zubeda anapita kukawauza za a Abbas. Zomba uja wathera pomwepo.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Angoti, "Boma likutumiza mabasi. Ukwere." Ndati amayi mapurakitiko. Akuti, "Pepala silikumba manda, mwananga. Ukwere."

Achimwene akuti chiyambire Lachiwiri amayi sanadye chogwira m'mimba. Azimayi a ku limana kwathu, gulu lathu la kutchalitchi, akubwera madzulo aliwonse kudzapemphera kolona pakhonde. Dzina langa likutchulidwa pakati pa odwala ndi akaidi.

Ndapita ku kampu, ndalembetsa. Dzina, boma lochokera, mfumu. Wolembayo anadabwa, akuti wasukulu ngati iwe ukuthawanso?

A Abbas anandionetsa chithunzi cha dzanja lawo, akuti adokotala athu tawerengani. Ndachikweza kudzuwa. Fupa la kunsi kwa chigongono, lathyoka pakati, mwaukhondo. Tinaphunzira mwezi watha. Limathyoka choncho munthu akamatchinga mutu. M'buku linali funso la mamalikisi asanu.

Ndawauza kuti lilumikizana. Zoona lilumikizana. Zoti adzagwiranso sizasi ngati kale, kaya.

Kunali kuguba kwa mtendere mtauni lero, Thandeka anapita ndi chikwangwani chake. Wabwera mawu atatha. Wandigulira nsapato zoyera zija, akuti ndisayankhule.

Ndiye nsapato ndili nazo, ndi dzina pa mndandanda wa basi ndili nalo. Mapazi awiri okha.

Loweruka, 18 Epulo

Ndanena.

Mama Zondi anabwera ku kampu ndi mphika wa nyama ndi sutikesi yanga, anaipulumutsa, anakaibisa m'bafa mwawo. Anti anakana ngakhale kuwayang'ana. Mayi wamkulu uja waima padzuwa ndi mphika m'manja, kenako wautula pansi nkumapita.

Sindinathe kupirira. Ndawakokera anti kuseri kwa tenti, ndawauza zonse. Kuchapa, phokoso, chitenje, chipewa chofiira, geti.

Ndimadikira mbama, ndimaifuna ndithu. Angoti, "Galu uja ndi ameneyu?"

Basi. Alowa mu tenti.

Ndinakhala panja pa chidebe mwina ola. Atatuluka apempha foni yanga, aimbira Mama Zondi. Chizulu chawo chothyokathyoka chija, akulira, akupepesa. Atamaliza andibwezera foni osandiyang'ana. "A Abbas usawauze. Ndidzawauza ndekha tikawoloka Mwanza."

Ndati anti nanenso ndikukwera. Akuti, "Ukwere usakwere, makina sabwerera." Kenako, ali chotembenuka, "Ife tabwera kuno ndi manja, tikubwerera opanda kanthu. Iwe unabwerera chiyani kuno?"

Sindikudziwa ngati kunali kundithamangitsa kapena kundiuza kuti nditsale. Anti ndi choncho.

Nyama ija tinadya. Inali yokoma, zomwe zinandikwiyitsanso.

Lolemba, 20 Epulo

Tsiku loyamba la mapurakitiko. Ndapita.

Kuchokera ku hositelo kukafika kuchipatala ndi mphindi khumi wapansi. Ndaziwerenga ndi mapazi. Yunifolomu imabisa, anthu amaona nesi basi, wina mpaka anandipatsa moni waulemu. Ndangogwedeza mutu ngati wosalankhula.

Ndinapita kwa mkulu wa dipatimenti yathu. Mayi wabwino, anandipatsa tiyi, maso ake ofiira. Akuti kalata akhoza kulemba, koma maola a kuchipatala ndi maola, sangawapange ndi bolopeni. Ndikapita kwathu, chaka chachiwirichi ndidzachiyambirenso Januwale. Ndi ndani adzandilipirire Januwale, sindinamufunse, si nkhani yake.

Mabasi oyamba ananyamuka kale. Ine ndi a anti tili gulu la Lachitatu.

Amayi auza Malabada yense kuti ndikubwera. Achimwene akuti agula nkhuku, yamangidwa mwendo kuseri, ndipo bedi langa achotsapo matumba a chimanga. Akuti mawu a amayi abwerera, dzulo anakalipira ana a neba. Ndiye ine ndiziti chiyani.

Thandeka akuti woyang'anira hositelo wadziwa kuti ndilipo, ndipo wasankha kusadziwa. Ndikhoza kukhala mpaka Juni. Pansi pomwepa, pakati pa bedi ndi desiki, miyendo yopinda.

Koma mantha. Chitseko chikagunda penapake ine ndadzuka kale. Chipewa chofiira chilichonse mumsewu, ngakhale cha mwana. Ndikakhala, ndipo zikayambiranso? Ndikapita, ndikakhala ndani ku Malabada? Uja anapita ku Joni nkubwera ndi nsapato zoyera.

Ndinawafunsa Amayi Maria. Sanayankhe, kapena ine ndi amene ndikusokosa.

Lachitatu, 22 Epulo

Sindinakwere.

Ndinapita ndi sutikesi ndithu, ndinaima pamzere ndithu. Atatchula dzina langa miyendo inakana. Yomwe ija yothamangira phokoso. Lero yakana.

Ndawauza anti. Sanadabwe. A Abbas akuti, "Ndiye amayi ako tikawauze chiyani?" Ndati musavutike, zonse ndalemba.

Ndinalemba dzulo, masamba anayi, mwina mtima unkadziwa kale. Chifukwa chake, za masisitere, za Januwale, kuti ndili pabwino kwa Thandeka, kuti Juni ndibwera. Pafoni sindingathe. Akangoti mwananga ine ndasungunuka, ndikwera ngakhale njinga. Kalata ndaiika pamwamba penipeni mu sutikesi, akangotsegula aiona. Sutikesiyo ipite, kuno kulibe poiika, ndipo muli bulangete lija ndinawagulira ndi jekete ya achimwene. Aone mphatso kaye, mtima utsike, kenako awerenge. Nzeru zanga zimenezo.

Ndatsala ndi kachikwama ka kumsana. Mayunifolomu awiri, majinzi awiri, mabuku, kope ili.

Anti pokwera anandigwira tsaya. Osati mbama, osatinso chikondi kwenikweni. Pakati.

Basi itatuluka pageti anthu anayamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi, Asilamu omwe. Ine ndatsala pa fumbi ndi apolisi.

Foni ndathimitsa. Mpaka awerenge kaye. Ndi mantha, ndikudziwa, sindikudzinamiza.

Tsiku limodzi la kujomba lapita. Atsala awiri.

Lachisanu, 24 Epulo

Foni ikadali yothimitsa, pansi pa pilo. Ndimaigwira ngati chilonda.

Lero ndajambula munthu woyamba ndekha, wondiyang'anira ali kumbuyo. Agogo aamuna, chifuwa. Ndawauza pa Chizulu kuti apume mpweya nkuugwira, mawu atatu omwe Thandeka wakhala akundiphunzitsa. Amva. Apuma. Chithunzi chatuluka choyera bwino, nthiti zonse. Potuluka akuti ngiyabonga mntanami, ndiye kuti zikomo mwanangu. Ndinakalowa kuchimbudzi kukalira pang'ono. Dziko lomweli.

Mtauni mwakhala bata, asilikali ndi apolisi paliponse. Mashopu ena atsegula.

Basi mwina yadutsa Tete. Mwina yafika. Amati masiku awiri, ena atatu, zimatengera pa boda. Ndikuwaona amayi akutsegula zipi, bulangete, kenako kalata. Akwiya, inde. Achimwene awawerengera mokweza ndi mawu awo a ukatekisiti aja. Nkhuku adya okha.

Mawa ndiyatsa. Mawa mmawa, ndikamwa tiyi.

Msana ukuwawa, simenti iyi.

Loweruka, 25 Epulo

Mayi Maria.

Ndayatsa naini koloko. Foni kunjenjemera osaleka, mameseji pa mameseji, anthu ena sindinalankhule nawo chichokere ku sekondale. Woyamba kuwerenga, wa Clara wa m'kwaya: chithunzi changa cha pa chisangalalo cha ukwati wa msuweni, pansi pake, uuse mumtendere mnzanga.

Ndinaganiza nthabwala. Kenako wina. Kenako wina.

Ndaimbira achimwene. Ayankha, ndati achimwene. Kumbuyo kwawo nyimbo. Ya maliro. Ndikuidziwa, ndimaimba nawo alito.

"Ndani?" Ndati ndine. Akuti, "Iwe Rejoice, uli kuti? Pano pali maliro ako."

Ndilembe mmene andiuzira, mwina ndimvetsa.

Basi inafika dzulo masana ku sitediyamu. Amayi anali komweko chiyambire Lachinayi, ndi mayi mmodzi wa ku limana. Anthu atsika, atsika, ine ayi. Kenako anti Zubeda, akulira ndi kutopa ndi zonse zija, akukoka sutikesi yanga. Atawaona amayi anagwada, mwaulemu basi, nkuika sutikesi patsogolo pawo. Asanatsegule pakamwa amayi anali atagwa kale.

Ndinaiwala. Ndinaiwala bwanji? 2004, ine ndili ndi zaka khumi. Adadi atachita ngozi ndi thiraki ku Tete, uthenga sunabwere ndi foni. Anabwera mnzawo wa kuntchito, nkugwada pakhomo, chikwama cha adadi patsogolo. Ine ndinakondwa, ndimayesa muli mabisiketi. Kwathu katundu sayenda yekha mwini wake ali moyo. Mwana aliyense wa kumudzi kwathu ku Nsanje amadziwa. Ine ndi 68 yanga.

Mayi wa ku limana uja anaimba foni ku Malabada pomwepo. Anti anakuwa kuti ali moyo, ali moyo, koma a boma anali akuwakankhira kolembetsa, a Abbas akuwakweza ambulansi. Pomwe anti amafika kwathu madzulo, mipando yatulutsidwa kale pabalaza, mabenchi a kutchalitchi abwera, masamba aikidwa pamsewu.

Anafotokoza. Analumbira. Akuluakulu anangogwedeza mitu, akuti ndi mmene amanenera, imfa saiponya ngati mwala, amayamba ndi wadwala, watsala m'chipatala, kuti mayi ayambe wakhazikika. Ngati ali moyo, foni yake bwanji sikulira? Anaimba. Anaimba usiku wonse. Ili pansi pa pilo.

Anti anati tsegulani sutikesi, muli kalata. Anawakaniza. Katundu wa womwalira satsegula mpaka tsiku lometa.

Masamba anga anayi.

Ndati achimwene apatseni amayi. Ndinamva akuyenda, zitseko, azimayi, nyimbo ikuduka mmodzimmodzi. Akuti aika foni pakhutu pawo, ali gone pamphasa.

Ndati amayi, ndine.

Palibe.

Ndati amayi ndine Rejoice, ndili moyo, ndili kusukulu, ndinaopa kukuuzani, pepani, pepani. Ndanena zonse za m'kalata mosokoneza, za Januwale, za Juni, kaya anamva ziti.

Akuti, "Lankhulanso." Mawu ngati a munthu wina.

Ndalankhulanso. Ndatchula dzina langa lonse, la ubatizo ndi la kwa agogo. Kumbuyo wina wayamba nthungululu, wina wamuletsa.

Kenako apuma, mpweya wautali. "Sutikesi iyi ine sinditsegula. Udzatsegula wekha."

Adula.

Sanati bwera. Sanati khala. Sanafunse kuti Juni wake tsiku liti.

Achimwene aimbanso masana. Anthu akubalalika, ena akuseka, ena akwiya ndithu, akuti ana a sukulu. Mabenchi akubweza. Anti Zubeda agona kwathu, ndi amene akuwamwetsa amayi phala. Sutikesi aiika pabedi langa.

Malume ananyamuka ku Nsanje mbandakucha, ndi azakhali awiri ndi thumba la ufa wa pamaliro. Foni yawo sikupezeka. Akadali m'njira, akulira munthu amene wakhala pano pa simenti. Achimwene apita kukawadikira pa siteji, akuti sakudziwa akayambire pati.

Lolemba seveni koloko kuchipatala. Yunifolomu ili pamwendo panga, ayironi yatentha kalekale. Thandeka akundifunsa kuti chachitika nchiyani kwanu, ndipo ine Chingerezi chake cha zimenezi ndilibe.